Buleki Yakana Pamaliro

Amake Tadala,

Musavutike kufunafuna tambala wanu wofiira uja, ndatenga ndine. Mukukumbuka pawailesi ankati njinga zamoto ngati yangayi tibweze kukampani chifukwa buleki yakumbuyo siigwira bwino, ine n'kumati mabodza? Lero ku Kapondo ndaona masamba pamsewu, pali maliro. Ndaponda buleki kuti nditsike ndidutse wapansi ngati munthu wamwambo, koma ayi ndithu! Ndapyola pakati pa anamfedwa liwiro la mtondo wadooka, chipewa m'manja, ndikukuwa "Pepani! Pepani!" mpaka kukaima m'chigafa cha fodya.

Adzukulu okumba manda alanda njingayo, akuti ndikaiombole ndi tambala. Ndikhululukireni, ndidzakugulirani wina. Mundiikire madzi pamoto, bondo latupa.

Mdzukulu wina wamakani amati aikwereko kaye. Za buleki sindinamuuze.

Wanu wotsimphina,
Vitus