Mzere Wopanda Kanthu

Lachiwiri, 11 Marichi

Adokotala anena. Mwana wakhala chopingasa m'mimba, ndiye amake Kadona akagonekedwa Lolemba m'mawa. Opaleshoni. Masiku asanu kapena sabata, sakudziwa.

Kwatsala masiku asanu ndi limodzi. Ndawerenga ndi zala kawiri.

Za ine palibe vuto, ndidya chilichonse. Nkhani ndi Kadona. Zaka zinayi, salankhula. Pakamwa pake ndi kakompyuta kakale kaja anatipatsa aphunzitsi ake. Ndinakapangira thabwa lophimba mabatani onse, nkuboola mabowo asanu ndi atatu basi, ndi kena kakang'ono pa batani loyatsira. Bowo lililonse lili ndi chithunzi chake pa sikirini. Akadina, kompyuta imamunenera: madzi, njala, chimbudzi, kuwawa, ayi, amayi, ababa, panja. Tisanakhale nako ankamenyetsa mutu kukhoma. Chipsera cha pamphumi chikadalipo.

Koma batire inafa kalekale. Magetsi akangophethira, kazima. Ukayatsanso pamabwera kabokosi kofunsa dzina ndi pasiwedi. Ndiye umasule misomali yopota inayi, uchotse thabwa, ulembe, ubwezere thabwa, umange. Amake amachita zimenezi mwina katatu pa tsiku, chomasulira chimakhala m'thumba la diresi ngati mpango. Kuyambira Lolemba azichita ndani? Kuntchito tili ndi zitseko makumi awiri zoti tikhome. Akapitawo ati andipatsa Lolemba lokha, wobereka si ine.

Apongozi, mayi a mkazi wanga, afika mawa kudzasunga mwana. Sawerenga.

Lachitatu, 12 Marichi

Afika m'mawa ndisananyamuke. Asanamwe ndi madzi omwe, magetsi aphethira. Anangoima pakhomo la kuchipinda kuonerera mwana wawo, mimba kutsogolo, atagwada pansi akumasula misomali, K. akulira kumbuyo kwake.

Sanazungulire. Ati iwo zomasula misomali ndi kusakasaka zilembo ayi, maso ndi omwewa akulephera nawo ulusi pa singano. Mwana apita naye kwawo mpaka amake atuluke. Kwawoko ndi ulendo wa tsiku lathunthu ndipo magetsi kulibe. K. sanagonepo nyumba ina chibadwire.

Ndinapempha andipatse mpaka Lolemba. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato.

“Kakamayaka ndi chala chimodzi, ndikhala. Apo ayi, tinyamuka.”

Masana sindinadye, ndinathamangira kwa Wamagalasi, uja amakonza mafoni ndi makompyuta pafupi ndi pokwerera basi. Ndinamupeza akutseka. Akupita ku ukwati wa mlongo wake, abwera sabata ya mawa. Ndinagwira chitseko chake ndi phazi. Anaseka, akuti kalipentala akagwira chitseko ndiye kuti zavuta.

Wandifotokozera chonchi. Kabokosi kaja ndi pulogalamu payokha, ili ngati mlonda wa pageti, ndiponso imalemetsa kakompyuta kakale. Ungathe kumuchotsa mlondayo, kompyuta nkumalowa yokha, nkutsegula zithunzi yokha. Anang'amba katoni ya tchaja nkulemba zinthu zitatu. Choyamba, chotsani mlonda. Chachiwiri, uzani kompyuta izilowa yokha ndi dzina la mwana. Chachitatu, ikalowa iziyatsa zithunzi. Pansi pa chilichonse pali mizere yoti ndikopere. Akuti ndilembe ndendende.

Nditaweruka ndachita choyamba. Chatheka, kabokosi kachoka. Koma tsopano sikirini ndi yakuda bii, tizilembo toyera, ikufunsabe dzina ndi pasiwedi, ndipo ukalowa uyenera kulembanso startx kuti zithunzi zibwere. Ntchito yawonjezeka.

Amake ati ndachotsa chitseko nkuikapo mwala. Ananena moseka. Ine sindinaseke.

Lachinayi, 13 Marichi

Ndaononga.

Ndilembe bwinobwino mwina ndiona pamene ndalakwa. Ndafika dzuwa likadalipo. Ndamasula thabwa. Ndayamba ndi chachitatu poti nchachifupi, mizere itatu, yonena kuti ukangolowa startx izichitika yokha. Ndakopera chilembo chimodzichimodzi, chala pa katoni, ngati mwana wa sitandade wani. Apongozi amadutsa ndi ndowa, ati kodi kalata yakeyo ikupita kwa ndani.

Kenako chachiwiri. Pakatoni pali mzere wolembedwa ExecStart= basi, kutsogolo kwake kulibe kanthu. Pansi pake mzere wina ukuyambanso chimodzimodzi, koma uwu ukupitirira mpaka kumapeto kwa katoni, muli autologin ndi dzina la K. Ndinati apa munthuyu anali pa changu, anayamba, nkusiya, nkuyambiranso, anangoiwala kufufuta. Ifenso kuntchito ukalemba muyeso pa thabwa nkulakwitsa umalemba wina pansi pake, ndipo wocheka amatsata wachiwiriwo. Ndiye ndinalemba wautaliwo wokha.

Ndazimitsa. Ndayatsa. Tizilembo toyera tathamanga, tathamanga, taima. Palibe kufunsa dzina. Palibe zithunzi. Kamzere kamodzi kokha pakona kakungophethira. Ndadina mabatani onse, ngakhale amene sindiwadziwa. Ndazimitsa nkuyatsa kasanu ndi kawiri.

Dzulo bola, unkatha kulowa ngakhale movutikira. Lero palibe polowera. Ndadzitsekera panja ndekha, ine wokhoma maloko.

K. anabwera, anandikankha, nadina pamene pamakhala madzi. Zii. Anadinanso. Anatenga chala changa nkudinira nacho. Kenako anapita kukhoma. Amake anafika mochedwa ndi pilo.

Foni ya Wamagalasi sikupezeka.

Lachisanu, 14 Marichi

Ndamuimbira kakhumi ndi kamodzi. Mayi uja wa mu foni wonena kuti nambala sikupezeka ndamuloweza mawu.

Kuntchito ndakhoma mahinjesi mbali yolakwika, chitseko chikutsegukira kukhoma. Akapitawo aitana anyamata onse adzaone, ati ichi nchitseko cha anthu oonda. Aseka. Ndamasula, ndatseka mabowo ndi utuchi ndi guluu. Titatsala awiri akapitawo andifunsa ngati kunyumba kuli bwino. Ndati kuli bwino.

K. wadzikodzera kawiri lero. Anasiya zimenezi miyezi isanu ndi itatu yapitayo, tsiku lomwe anadziwa bowo la chimbudzi. Waluma amake pa mkono, mano onse akuoneka. Sanadye kuyambira m'mawa, kaya ndi njala kaya ndi m'mimba, tikungolota.

Ndinajambula zithunzi zisanu ndi zitatu zija pa pepala, kapu, mbale, zonse, kuti aziloza. Anayang'ana, anadina kapu ndi chala, nadikira. Pepala silinanene kanthu. Analing'amba pang'onopang'ono, osakwiya nkomwe. Bola akanakwiya.

Apongozi achapa zovala za K. Zonse, ndi juzi yomwe, kunja kukutentha chonchi. Zili pa chingwe.

Loweruka, 15 Marichi

Wamagalasi waimba yekha cha m'ma 3 koloko, kumbuyo kuli nyimbo ndi nthungululu. Akuti foni imagwira akakwera pa chulu basi, ndinene msanga.

Ndanena. Akuti musaope, nyumba imeneyo ili ndi khomo lakuseri. Ndidine Ctrl, Alt ndi F2 pamodzi. Ndadina. Kufunsa dzina kuja kwabwera! Pasiwedi ndinalakwitsa kawiri. Masiku awiri mwana akudzimenyetsa, khomo lili pompo.

Anati nditsegule chachiwiri chija ndimuwerengere. Ndawerenga mzere wautali uja wonse.

“Nanga wopanda kanthu uja uli kuti?”

Ndinati ndinausiya, ndimayesa munalakwitsa.

“Achimwene, si inu akalipentala? Mumakhoma chitseko chatsopano chakale chikadali pa felemu?”

Akuti mzere wopanda kanthuwo ndi umene umazula lamulo lakale. Ukapanda kuulemba, kompyuta imapeza malamulo awiri pa khomo limodzi, ndiye imangokana onse. Zimene ndimachita tsiku ndi tsiku ndi manja angawa. Apongozi anali pakhomo akupinda zovala, ndikhulupirira amva zonse, foni yanga imafuula.

Ndalemba mzerewo pamwamba pa unzake. Iye akuti tsopano musunge, Ctrl ndi O, kenako Enter, kenako... foni yaduka. Ndipo nthawi yomweyo, kaya ndi mphindi yomweyo kaya yotsatira, magetsi azima.

Osati kuphethira. Kuzimiratu. Akuti lole yagunda pholo kumsewu waukulu, dera lonse lili chete.

Ndasunga kapena sindinasunge? Ctrl ndi O ndikukumbuka. Enter sindikukumbuka. Ndakhala pansi nkuyeserera ndi zala pa bondo kuti mwina chala chikumbuka chokha. Ulendo wina chimadina, ulendo wina ayi.

Lamulungu, 16 Marichi

Magetsi kulibe.

K. anaona mabatani ali pamtunda opanda thabwa lake, anayamba kulira kwa mtundu wina kuja, kopanda misozi. Ndabwezera thabwa, ndamanga misomali yonse inayi. Watenga kakompyutako nkukhala nako pakona, pamiyendo. Akudina mabowo motsatana, kuyambira madzi mpaka panja, nkuyambiranso. Tsiku lonse.

Wometa tsitsi kuseri kuno ali ndi jenereta. Ndinati ndikanyamule mphindi khumi zokha ndikaone. Nditangogwira, K. anaponya mutu kumbuyo, khoma linalira. Amake ati ndisiye, chipsera chimodzi chakwana. Ndinaganiza zonyamula onse awiri, mwana ndi kompyuta, koma phokoso la jenereta amaliopa kuposa galu. Ndapita ndekha kukafunsa ngati chingwe chake chingafike kuno. Pakati pathu pali nyumba zisanu ndi imodzi. Wangondiyang'ana.

Chikwama chili pakhomo. Chobiriwira chija tinagulira ulendo wa kuchipatala, amake asamutsira zawo mu chikwama changa cha zida kuti chobiriwiracho chikhale cha mwana. Apongozi alongedza bwino, nsapato pansi, mbale yake yapulasitiki pamwamba. Basi yawo imanyamuka 8 koloko. Ife galimoto ya aneba ititenga 7 koloko.

Ndinawamva akuuza mayi a nyumba yoyandikana kuti bambo a Kadona manja ali nawo, koma akauzidwa ziwiri amasankhapo chimodzi. Sindingatsutse.

Amake anandiitana kuchipinda. Anati, mukanangolemba momwe analembera. Kamodzi kokha, sanabwereze. Kenako anatenga dzanja langa nkuliika pamimba pomwe pamagunda. Anati sakuopa mpeni, akuopa kudzuka nkusadziwa kuti K. ali kuti ndipo akufuna chiyani. Kumeneko akamva kuwawa adzauza ndani?

Ndapita kukaona pholo lija. Anthu atatu, makwerero amodzi, akuti mwina mawa.

Lolemba, 17 Marichi

Ndikulemba pa benchi, panja pa chipinda cha opaleshoni. Amake awalowetsa. Akuti ola limodzi. Manja akufuna chochita.

M'mawa tinadzuka kulibe magetsi. Apongozi anamuveka K. diresi la ulendo ndi juzi. Amake anakhala pa mpando, chikwama changa cha zida pamiyendo, akungoyang'ana mwana. Palibe amene anayatsa moto. Ine ndinaima pawindo kudikira galimoto, chomasulira chili m'thumba, sindikudziwa kuti ndimati ndichita nacho chiyani.

Kutatsala mphindi khumi ndi zisanu kuti 7 ikwane, wailesi ya aneba inangofuula yokha. Babu la pabalaza layaka.

Ndinatulutsa chomasulira nkudumpha chikwama chobiriwira chija. Ndimati ndichotse thabwa, ndilowe kuseri, ndione ngati mzere ulipo. Apongozi anandiimitsa ndi dzanja pachifuwa.

“Khalani pomwepo, bambo. Mawa inu kulibe.”

Anagwada pafupi ndi K. Anafunsa amake kuti bowo loyatsira nliti. Analowetsa chala cha mkombaphala, chikhadabo chinakanika, anasintha nkulowetsa chaching'ono.

Tizilembo toyera tinathamanga. Tinafika pamene tinaima Lachinayi paja, ndimapadziwa, pali mzere wautali wothera ndi timadontho. Tinaima. Kamzere kaja pakona, phethi, phethi. Ndinawerenga m'mtima. Pa zisanu ndi chimodzi sikirini inada yonse, ndinati basi, mwana wapita. Amake anagwira malaya anga kumbuyo.

Kenako kamuvi koyera pakati. Kenako kapu, mbale, zonse zisanu ndi zitatu.

K. sanatiyang'ane nkomwe. Anadina.

“Njala.”

Anadinanso. Njala. Njala. Njala.

Apongozi sanasekerere. Anaimirira, napita kukhoma, nazula chingwe. Kazima. Anabwezera chingwecho, anagwadanso, chala chaching'ono m'bowo, milomo ikuyenda, nawonso amawerenga. Zithunzi zinabweranso. K. anawakankha dzanja nkudina mbale.

“Ndamva, adona, si ine gonthi,” anatero.

Galimoto inaliza hutala panja. Amake anamupsompsona K. pachipsera, K. anapukuta nkudina njala kachisanu ndi chimodzi. Apongozi anakokera chikwama chobiriwira pakati pa nyumba, anatsegula zipi, natulutsa mbale yapulasitiki ija. Kenako anatambasula dzanja kwa ine osandiyang'ana. Sindinamvetse. Analoza chomasulira.

Ndinawapatsa. Anachiika pamwamba pa kabati, kumene ngakhale ine sindifika popanda mpando, napita kukayatsa moto.