Amayi anabwereka sofa, a boma anawapeza olemera

Agogo,

Milungu itatu tsopano ndakhala ndikulemba kalatayi m'mutu, koma ndikangofika pa nkhani ya sofa ndimayamba kuseka, kenako misozi. Ndithandizeni nzeru chifukwa zanga zatha.

Ndine mayi wa zaka 46 ndipo ndimagulitsa zovala zakaunjika, zija timati salaula, pa boda ya Mwami. Amayi anga ali ndi zaka 74, amakhala okha ku Madzimoyo chimwalirireni bambo. Ali ndi BP ndi shuga, maondo nawo anakana ntchito kalekale. Kuchipatala anawauza kuti azipita mwezi ndi mwezi, koma nthawi zambiri amajomba chifukwa chosowa chokwerera. M'mwezi wa Meyi anagwa m'munda ali okha, mwayi wake anawatola mayi wina amene ankapita kudimba.

Tsono nditamva kuti a boma akuyenda khomo ndi khomo kulemba okalamba oti azilandira thandizo, mtima wanga unakhala pansi. Ndinawaimbira amayi n'kuwauza kuti Lachinayi asachoke pakhomo chifukwa kubwera alendo ochokera kuboma. Chimene ndinaiwala n'chakuti amayi anga ndi munthu wotani.

Iwo ndi a chigwirizano cha amayi kutchalitchi, mkazi wa malemu mkulu wa mpingo. Kwa iwo mlendo sakhala pa njerwa ndipo sachoka ndi njala. Lachitatu lonse anali pa kalikiliki. Anazira nyumba, anasesa mpaka kumsewu, kenako anapita kwa aneba athu a Yakobo, amene anapuma ntchito yoyendetsa malole ndipo ana awo ali ku Lusaka. Kumeneko anabwereka sofa, tebulo lagalasi, makatani, wailesi ndi TV. Ngolo inayenda maulendo atatu. TV-yo analibe poilumikiza, anangoifunditsa kansalu koluka n'kuikapo maluwa apulasitiki. Nkhuku anali nazo ziwiri zokha, anapha yonenepa.

Alendo aja, bambo ndi mayi, anawapeza amayi atatchena chitenje chimene ndinawagulira chopitira ku mwambo wa Ncwala. Anawakhazika pa sofa, anawasambitsa m'manja n'kuwaikira mpunga wa nkhuku. Atafunsidwa ngati nthawi zina amagona ndi njala, amayi anaseka n'kunena kuti, "Njala pakhomo pano? Ana anga, onjezerani ndiwo." Za matenda anangoti Mulungu akusunga. Za ana anati mwana wawo wamkazi ali ndi bizinesi yaikulu pa boda, amachita malonda ndi maiko akunja. Agogo, bizinesi yaikuluyo ndi ine, ndi belo limodzi la masiketi loyala pa saka.

Alendowo anathokoza kwambiri n'kulowa khomo lotsatira, kwa a Yakobo. Anawapeza atakhala pa chidebe chovundikira, akazi awo a Elesi ali pamphasa, m'nyumba muli mbee! zipupa zokhazokha, mawindo opanda nsalu. Palibe amene anafunsa kuti katundu anapita kuti, ndipo a Yakobo sanaone chifukwa chovutitsira alendo ndi nkhani zosafunsidwa. Mndandanda utatuluka, dzina lawo linalipo, la amayi munalibe.

Ndinakadandaula kwa a komiti ya m'mudzi. Anayamba aseka kaye, kenako anandiuza kuti alendowo abweranso kumapeto kwa mwezi uno kudzaonanso makomo amene pali madandaulo pamodzi ndi oyandikana nawo. Apa ndiye pagona vuto. A Yakobo akukana kulandira katundu wawo. Tinapita ndi ngolo koma anatibweza pachipata, amvekere, "Palibe changu, mwana wanga, sungani chabe. Amayi ako ni munthu wamkulu, msana wao ufunika sofa." Zaka zonsezi sindinkadziwa kuti bamboyu amadera nkhawa msana wa amayi anga.

Amayi nawo sofa yawakomera, masana amagonapo. Akuti alendo obwera kachiwiri sungawalandire ngati poyamba, ndiye akuganiza zokabwereka filiji kwa aphunzitsi ena. Nkhuku yotsala ija ayamba kale kuiyang'ana mwachikondi.

Mchimwene wanga Luka akuti tibise katunduyo kutchire, amayi tiwaveke sanza, tiwapake phulusa m'miyendo n'kuwagoneka pamphasa kuti azibuula. Nditawafotokozera amayi zimenezi, anati, "Atate ako anamwalira osamvapo munthu akunena kuti nyumba yao ni yosauka. Lero mufuna ndiyanike umphawi wanga pabwalo monga ufa?" Misozi inali mbwee m'maso mwawo. Ndinachita manyazi kwambiri, Agogo, koma mantha ndili nawobe, chifukwa akadzagwanso m'munda mwina sipadzadutsa munthu.

Ndichite bwanji kuti amayi alembedwe popanda kuwachititsa manyazi?

T.Z., Chipata

Mwana wanga T.Z.,

Ndaseka mpaka magalasi anga kutsetsereka, koma ndamva bwino lomwe pamene pakukupweteka. Tiyambe ndi ichi: amayi ako sanapalamule mlandu, analandira alendo monga anaphunzitsidwira. Alendowo nawonso sanalakwe. Munthu wakhuta nkhuku atakhala pa sofa, TV ili poteropo, ukufuna alembe kuti chiyani?

Katundu abwerere kwa eni ake sabata ino. Usalimbanenso ndi a Yakobo pachipata, ukalankhule ndi a Elesi. Mayi ameneyo watha milungu itatu ali pamphasa m'nyumba yopanda makatani, ndipo ndikukutsimikizira kuti sofa yake akuilota. Mukagwirizana tsiku, upite ndi ngolo dzuwa likuswa mtengo, pamodzi ndi mmodzi wa a komiti ndi mkulu wa mpingo. A Yakobo uwathokoze mwaulemu, uwakumbutsenso kuti mudzi wonse unaiona ngolo ija ikuyenda katatu, choncho n'kwabwino nkhaniyi aifotokoze okha isanafotokozedwe ndi ena. Zoti ayenera kulandira thandizo kapena ayi si zako, oweruza alipo.

Nzeru za Luka uzitaye kudzala. Bodza la phulusa ndi bodza la sofa ndi pachibale, kungoti la phulusalo lidzawaswa mtima amayi ako. Ngati Luka ali ndi mphamvu zobisira sofa kutchire, azigwiritse ntchito pokweza katundu m'ngolo.

Tsopano ukhale pansi ndi amayi, awiriwiri, ndipo mawu akuti umphawi asatuluke pakamwa pako. Uwauze kuti thandizoli si lopemphetsa. Iwo analima, analera ana, anaphika m'maliro a mudzi wonse, ndipo dziko likatembenuka kuti liwasamale pa ukalamba wawo, likungochita zoyenera. Uwauzenso kuti alendo amenewa ali ngati anamwino, amabwera kudzaona pamene pakupweteka, ndipo ukawabisira amachoka atalemba kuti uli bwino. Mantha akowo uwatchule poyera. Mayi amene sangavomere kanthu chifukwa cha iye mwini amavomera akaona kuti mwana wake sakupeza mtendere.

Pa tsikulo salaula ipume, iwe ukakhalepo. Ukonzeretu reji yawo, chiphaso chaunzika chija, ndi kabuku ka kuchipatala koonetsa miyezi imene anajomba, ndipo mayi amene anawatola m'munda uja umupemphe adzakhale pafupi. Kusesa asese, kuzira azire, chitenje cha ku Ncwala avale, chifukwa ukhondo si chuma ndipo palibe amene anati wokalamba wofuna thandizo azioneka ngati wotayidwa. Alendo akhale pa timipando tawo ta masiku onse ndipo apatsidwe madzi akumwa m'kapu yotsuka bwino. Za filiji aiwale. Nkhuku yotsalayo uiteteze ngati mbale wako, iziwaikira mazira. Mafunso aziyankha okha, iwe uzingokumbutsa mofatsa pamene alumpha. Akati Mulungu akusunga, uvomereze kuti n'zoona, kenako utsegule kabuku kaja.

Koma za kuchipatala usadikire mndandanda. BP ndi shuga sizidziwa kuti kuli mafomu. Iwe ndi Luka mugawane miyezi yowaperekeza, ndipo mukafika mukafunse bwino chimene anthu a msinkhu wawo amathandizidwa nacho, chifukwa zambiri zimatidutsa kaamba kosafunsa.

Ndikuchenjeze ziwiri. Sindingakulonjeze kuti dzina lituluka, ndipo aliyense wokuuza kuti umupatse kenakake kuti alilowetse ndi wakuba, umuthawe. Chachiwiri, usawatsutse kapena kuwaseka amayi pamaso pa alendo, ngakhale atayambanso za bizinesi yaikulu ya pa boda. Ungomwetulira n'kunena kuti bizinesiyo ndi iweyo ndi belo lako limodzi. Usawakwiyire pokutama chonchija, mwana wanga. Pa zonse zimene ananyadira pamaso pa alendo tsiku lija, zosabwereka zinali ziwiri zokha: nkhuku ija ndi iwe. Nkhukuyo anadya, watsala ndiwe.

Agogo