Mbale ya Mkuwa ya Mayi a Tae-bok

Sangju, 9 Seputembala 1974

Mwana wanga Yeon-sil,

Landira moni wochokera kuno kumudzi. Kodi chifuwa chija chinatha? Fumbi la ulusi kufakitale kwanuko si labwino, uzimanga kansalu kukamwa. Ife tilipo, koma bondo la bambo ako likadali lotupa.

Ukuidziwa mbale ya mkuwa ya mayi a Tae-bok, eni ng'ombe imene imatilimira munda wa mpunga. Zaka zonsezi imabwera ndi kimchi, ndiwo ija ya kabichi wowawasa, ine n'kuibweza ndi mazira kapena nyemba, poti mbale ya mnzako siibwerera yopanda kanthu. Sindinaphonyepo ngakhale kamodzi. Ndinkati tikupatsana mwachinansi, osadziwa kuti ine ndinkangobweza.

Mwezi wathawu inabwera ndi masau ouma, pamwamba ataphimba nsalu yofiira ya silika. Zimenezo ndi zaukwati. Akufuna ukwatiwe ndi Tae-bok.

Ndinaibisa kuseri kwa mitsuko masiku khumi ndi limodzi. Kuibweza yopanda kanthu ndiye kuti tadana, ng'ombe sitidzaionanso m'munda mwathu. Kuikamo kanthu ndiye kuti tavomera. Kuchitsime mayi a Tae-bok anandifunsa pamaso pa amayi onse ngati mbale yawo yamera mizu kwathu, kapena nkhuku zanga zonse zasanduka atambala. Anthu anaseka mpaka kutula ndowa. Bambo ako akuti za akazi salowerera, koma amangokhala pakhonde maso ali kumunda.

Mwana wanga, undikhululukire. Lachitatu ndinaikamo mazira asanu ndi limodzi n'kupita nayo ndekha. Njira yonse ndinkaloweza zokanena, kuti mazira ndi mazira basi. Koma iwo anandigwira manja onse awiri n'kunditchula sewere, ine n'kungowapatsa mbaleyo n'kubwerera kunyumba. Tsopano mudzi wonse wamva. Akungodikira ubwere pa Chusok, chikondwerero cha zokolola, kuti asankhe tsiku.

Ndikukumbukira unanena kuti Tae-bok sumufuna, ndipo ukufuna kumaliza sukulu yamadzulo. Choncho usabwere. Ndidzawauza kuti kufakitale akukaniza tchuthi. Chino ndi chaka chachiwiri ndisanaone nkhope yako, komabe usabwere, ngakhale bambo ako atakulembera kuti ndadwala kwakayakaya.

Undiperekere moni kwa azakhali ako ndi ana awo onse ku Busan konko. Mizimu ya makolo ikusunge. Kalatayi ukawerenga, uiotche.

Ndine mayi ako,
Ham Bun-nye