Nsapato ya Soli Yofiira

14 Juni

Wokondedwa mwana wanga,

Ndine bambo ako, wosoka nsapato uja wa pakhonde la sitolo, wa zaka makumi asanu ndi awiri kudza zinayi. Monga ukudziwa, ine cholembera sindidziwa kogwira kwake. Woyankhula ndine, koma dzanja ndi la mwana wako, ndipo tapangana kuti alemba chilichonse chotuluka pakamwa panga, ngakhale chomuwawa. Kuno tili bwino, kupatula msana umene wayamba kundilamula. Kaya iwe kumeneko?

Uwerenge utakhala pansi, chifukwa pali nkhani imene ndakubisira miyezi inayi. Pafoni mawu amandithawa, n'chifukwa chake ndasankha pepala.

Mwana wako sali kusukulu ya uphunzitsi. Ali kuno kwa ine. Masiku onse unkaimba ine n'kumati ali bwino kusukulu, anali m'chipinda chinacho, akumva bodza langa.

Zinayenda chonchi. Anamutumiza kukayeserera kuphunzitsa ana aang'ono. Tsiku lina akulemba pabolodi, anatembenuka n'kupeza ana atatu akuyenda motsimphina kumbuyo kwake, kalasi yonse ikufa ndi phwete. Mphunzitsi womuyang'anira anali pakhomo, naye ataphimba pakamwa. Anaika choko pansi, n'kubwera kuno ndi chikwama chake, n'kudzitsekera kuchipinda chakumbuyo kuja ndimasungako zikopa.

Nditatenga nsapato yake yakumanzere, ndinapezamo makatoni opindapinda, phazi lili matuza okhaokha. Mwana wanga, mlandu umenewu unayambira kwa ine. Ali ndi zaka zisanu, ndine ndinayamba kubisa kachikopa m'kati mwa nsapato kuti anthu asaone kuti mwendowo ndi waufupi. Iwe n'kumatumiza masiketi okwekwereza pansi. Tinkamukonda, zoona, koma tonse awiri tinamuphunzitsa kuti mwendo wake ndi chinthu chobisa.

Masabata atatu sanatuluke. Kenaka ndinamunamiza kuti maso anga atha, adzandilowetsere ulusi m'singano. Anabwera ali ndwii, n'kukhala kuseri kwa mulu wa nsapato kuti odutsa asamuone. Ine ndinati, "Aphunzitsi, poti mwakhala pamenepo, tembenuzani nsapatozo mundipezere ziwiri zodyeka mofanana."

Anatembenuza za wapolisi, chidendene chatha kunja. Za mayi wogulitsa nsalu uja amayenda ngati msewu ndi wake, zatha m'kati. Za dalaivala, yakumanja yokha. Mulu wonse unatha osazipeza.

Akuti, "Agogo, ndiye kuti onsewa ndi opendekeka?"

Ndikuti, "Zaka makumi asanu ndikusoka, woyenda mowongoka sindinamuone."

Anayang'ana kumapazi kwanga, akuti, "Nanga zanuzi zadyeka konsekonse bwanji? Mumayenda kapena mumalima?" Anaseka, mwana wanga. Ine ndinangowerama ngati ndikufuna nyundo.

Koma usaganize kuti mawu angawo ndiwo anamuchiritsa, ayi. Mawa lake anabwereranso kuchipinda, ndipo zinkangotero, lero watuluka, mawa ayi.

Chimene chinasintha zinthu ndi mayi wina amene anabwera ndi kamtsikana kotsimphina ka zaka ngati zisanu ndi chimodzi. Anandinong'oneza kuti, "Bambo, mungaike kanthu kosaoneka m'nsapatomu? Anzake amamuseka." Ine pakamwa ndinali nditatsegula kale kuti ndivomere. Ndinangomva kumbuyo kwanga, "Iyayi agogo, zam'katizo zimapweteka."

Mwana wako anaimirira, n'kukweza siketi mpaka m'mawondo, pakhonde pamene pamadutsa anthu onse paja. Anavula nsapato, n'kuonetsa mayiyo zipsera za matuza. Kenaka anaimika kamwanako, n'kumaika timatabwa pansi pa phazi, kamodzikamodzi, mpaka chiuno chinalingana. Soli anaimanga kunja, malabala anayi omata ndi guluu, ine ndinangosoka. Atatenga polishi wakuda, kamwana kaja kanati, "Anti, singakhale yofiira?"

Akuti, "Yofiira anthu aziiona."

Kamwanako kakuti, "Eya, ndi yanga."

Mwana wako anakagula penti wofiira. Kamwanako kanachoka kakuthamanga, mayi ake akukuwa m'mbuyo. Patapita masiku awiri ndinamupeza mwana wako wadziimika yekha patimatabwa tija. Yake inafuna malabala asanu ndi limodzi, ndipo nayonso anaipaka yofiira. Akuti msana umene unkamuwawa zaka zonsezi, osatiuza, wasiya. Akamapita kumsika anthu amayang'ana, ena amafunsa, iye amawauza kuti wopanga ali pakhonde la sitolo. Atatu abwera kale.

Analembera akuluakulu a sukulu ija ndipo amulola kubwerera teremu ikubwerayi. Wapempha kalasi yomwe ija. Apa akundiletsa kuti ndisanene, koma tinapangana, lembani Aphunzitsi. Ana aja sakuwaopanso. Amene akumuopa ndi iwe. Akuti amayi anavutika kutali kuti ine ndioneke ngati anzanga, akamva kuti ndinathawa sukulu, n'kuonanso nsapatoyi, adzati ndawavula. Siketi yabuluu ija unatumiza waidula m'mawondo, ndipo chidutswacho wachisunga, akulephera kuchitaya.

Ngati pali wokwiyira, ukwiyire ine. Ndakalamba, ndipirira.

Pempho langa ndi limodzi. M'kalatamu taikamo pepala lina losalemba. Ulitambasule pansi, upondepo wopanda nsapato, uzungulize cholembera mapazi onse awiri, utitumizire. Akufuna kukusokera nsapato ndi manja ake. Ndamuuza kale kuti iwe umadya chidendene chakumanja, kuyambira uli kamwana, ndipo wadabwa kuti nawenso.

Akupereka moni azakhali ako ndi mwini sitolo. Mwana wako akuti moni wake sakudziwa aulembe bwanji, ndiye ndamuuza kuti asiye, kalata yonseyi ndi dzanja lake.

Uyankhe msanga, mwana wanga, ndipo pa envulopu ulembe dzina lake, osati langa. Akawerenga yekha, adzandiuza zimene angafune.

Ndine bambo ako,
amene ndadinda chala pansipa.