Anagwa awiri, osintha ndi amuna anga okha

Aphungu,

Ndikulemba mtima uli wosweka. Amuna anga, a Winston, amathyola tiyi ku esiteti kuno ku Thyolo. Dzinja lathali, ngolo ya thirakitala yomwe anakwera inagubuduka pamtsetse woterera. Iwo ndi anzawo a Raphael anamenyetsa mitu pansi, anagonekedwa limodzi kuchipatala, n'kutulukanso limodzi.

A Raphael lero ali bwinobwino, akudzaza dengu ngati kale. Koma anga, mayo ine! Anali munthu wofatsa, woti ana ankangowakwera pamsana. Pano mwana akangogwetsa kapu, amalusa mpaka kunjenjemera, kenako n'kukakhala pakhonde kumalira. Tchopa ankamuvina thukuta kamukamu, lero akamva ng'oma amatseka makutu. Kumunda dzanja lawo linkadziwa lokha kuthyola masamba awiri ndi kansonga. Pano amangopulula ndi okhwima omwe, ndipo kapitawo amawabweza pasikelo.

Anthu ayamba kunena kuti, "Kodi a Raphael sanagwe nawo? Awa ndi ulesi basi, kapena chamba." Amuna angawo ali pachikamwini kwathu kuno, ndiye atsibweni anga aitanitsa ankhoswe Loweruka likubwerali. Akuti, "Mkamwini wolephera ntchito, woopseza ana, apinde mphasa yake azipita kwawo." Kwawoko ku Mphuka makolo anatha, kulibe woti akawasamale. Ndimawakonda, koma ndatopa, ndipo nthawi zina ndimawaopa. Kodi akuchitira dala?

M.T., Goliati

Mayi M.T.,

Sindikukhulupirira kuti akuchitira dala, ndipo a Raphael si sikelo yoyezera amuna anu. Mitu iwiri ingamenye pamwala umodzi, koma ubongo wa aliyense ndi wakewake, ndipo povulala pamasiyana. Mbali ya kuseri kwa chipumi ndi imene imathandiza munthu kuugwira mtima ndi kuika maganizo pa ntchito. Ikavulala, bala la pakhungu limapola koma khalidwe limasintha. Ine sindinawayeze, koma zimene mwafotokozazi zikuloza komweko.

Musadikire Loweruka. Pitani nawo kuchipatala cha boma, mukafunse oona za ubongo ndi maganizo, ndipo mukanene zonse, kulirako ndi kupulula masambako komwe. Atsibweniwo muwatenge, akadzimvere okha. Mukawauza inu, angoti chikondi chakutsekani m'maso. Kuntchito amuna anuwo akapemphe kusinthidwa, awapatse gawo lopanda phokoso ndi liwiro la pasikelo, ngati ku nazale ya mbande za tiyi. Pakhomo, mukaona nkhope yayamba kusintha, musabwezere mawu. Tulutsani ana, mkwiyowo uzizire.

Koma mverani bwino apa: tsiku lomwe adzakweze dzanja pa inu kapena pa mwana, chokanipo kaye, mukauze ankhoswe ndi achipatala. Chibakera cha wodwala chimapweteka chimodzimodzi.

Sindikunamizani, mayi. Angapezeko bwino pang'onopang'ono, koma mwina a Winston ovina tchopa aja sadzabwereranso onse. Mukafuna kuwalira, lirani, palibe cholakwika. Koma Lowerukalo, ankhoswe akakhala pansi, muwafunse funso limodzi: bambo awa akanabwera kuchokera kuchipatala atadulidwa mwendo, mukanawauza kuti apinde mphasa?

Aphungu