Kamtengo ka m'ndowa yobooka

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Ife kuno ku Liwaladzi tilipo, kukhalapo kwake komwe kuja mukukudziwa.

Ndiyambe ndi zabwino, popeza n'zochepa sizitichedwetsa. Mkazi wa achimwene a Limbani anachira mwezi wa Meyi, mwana wamkazi, wamphumi ngati yanu. Ndinati timutche dzina lanu, iwo n'kuti maina akumwera amavuta kutchula. Mpunga tinakolola wokwanira, koma chinangwa cha kudambo chinaolera m'nthaka. Mbuzi yanu yamawanga ija inaswa awiri, onse ali m'khola la azakhali.

Chimene ndakhalira pansi kulemba ndi kamtengo kanu kaja ka m'ndowa yobooka, kamene kankakhala kuseri kwa bafa pamthunzi wa mango. Tsiku logawana katundu wanu azakhali anatenga mbuzi ndi makina osokera, alamu anatenga zitenje ndi mapoto, ine n'kundilozera ndowayo. Onse anaseka. Ndinangoinyamula, paja inu munkati kwa eni kulibe mkuwe, ngakhale sindikudziwa kuti ine ndinasanduka liti mlendo pamudzi pobadwira.

Vuto linali lakuti sindinkadziwa kuti ndi mtengo wanji. Masamba ake ndi obiriwira kwambiri, onyezimira, okhala ndi timano ting'onoting'ono m'mbali. Si ndimu, si gwafa, ndipo ukawatikita sanunkhira chodziwika. Ndili mwana ndinakufunsanipo kamodzi, inu n'kuti, "Kasiye, ameneyo ndi mlendo mnzanga." Sindinafunsenso. Zaka zofunsira zinalipo zambiri, koma ine ndinkangoona ngati ndi zibwana za munthu wamkulu.

Ndiye ndinakasamala monga ndimasamalira tomato. Ndinakachotsa pamthunzi n'kukaika padzuwa, ati kakule msanga. Ndinkakathirira madzi a pamjigo m'mawa ndi madzulo, n'kuwazanso phulusa patsinde kuopa chiswe. Posakhalitsa masamba anayamba kuchita chikasu, m'mbali mwake n'kumapsa, kenako kuyoyoka limodzilimodzi. Ndinkati ndikadzuka n'kupeza tsamba pansi, mtima unkandiwawa ngati ndikukuikaninso m'manda kachiwiri.

Nthawi yomweyo khanda la achimwene linayamba kutsegula m'mimba, ndipo alamu sanavutike kufunafuna chifukwa. Anaima pabwalo, manja m'chiuno, n'kumati, "Mtengo wanji wopanda dzina, wosabala, wosadyedwa? Munthu angasunge chinthu chotere zaka zonsezi popanda chifukwa? Apongozi anatisiyira mankhwala pakhomo pano." Achimwene, mwana wanu weniweni amene munkamugonera m'chipatala ali ndi chikuku, sanawatsutse. Anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Esnati, ukataye chinthu chimenechi kunyanja, apo ayi ndichiotcha ndekha." Khandalo linachira atapita nalo kuchipatala, koma mawuwo palibe anawabweza.

Ndinaona kuti kamtengoka sikapulumuka pokhapokha nditakapezera dzina. Ndinathyola kanthambi n'kuyamba kuyenda nako. Wazitsamba wina wa pamsika wa Dwangwa anati ndi mankhwala olimbitsa banja, ndimusiyire. Ndinaseka, popeza banja langa linatha kamtengoko kali pomwepo. Alangizi a zaulimi anakajambula pafoni n'kuti adzandiyankha, mpaka lero akuyankhabe.

Amene anandithandiza ndi a Makwinja, bambo wachikulire wa ku Mulanje amene ankadula nzimbe kuesiteti, pano amagula mpunga kwa ine. Anaona kanthambiko mudengu mwanga, n'kukatenga, n'kutembenuza tsamba kawiri. Anayamba kuseka.

"Mwana wanga, mwamutenga kuti ameneyu? Uyutu ndi tiyi."

"Tiyi wake uti?" ndinafunsa.

"Yemweyu mumamwa m'mawayu. Kwathu mapiri onse ndi yemweyu."

Amayi, manyazi amene anandigwira sindingathe kuwalemba. Ine mwana wa mayi wa ku Thyolo, mayi amene anathyola tiyi utsikana wake wonse asanabwere kudzapalira nzimbe kuno, ndimadziwa tiyi wa m'paketi yekha. Tinkamwa nanu tsiku ndi tsiku, mwini wake ali kuseri kwa bafa, inu osanena kanthu. Ndakwiya nanu pang'ono pamenepa, ndisabise. Koma ndikakumbukira mmene abale a bambo ankakusekerani kalankhulidwe mukangotchula zakwanu, ndikumvetsa chimene munatsekera pakamwa.

A Makwinja anandilangiza kuti ndikabwezere pamthunzi, phulusa ndichotse lonse chifukwa ndi limene likukapha, patsinde ndiike masamba oola, ndipo madzi a pamjigo ndisiye. Apo m'pamene ndinakumbukira mtsuko wa madzi a mvula uja munkatikaniza kumwa. Potsanzikana anawonjezera kuti, "Kunyanja kuno tiyi safa msanga, koma sakondwanso. Kumatentha. Amangopirira."

Ndinalira m'minibasi njira yonse yobwerera, amayi. Zaka makumi atatu ndi kanthu munakhala pamudzi pano akukutchani obwera. Ndipo kuchipatala kuja, mawu akutha kale, munapempha chinthu chimodzi chokha, kuti mukagone kwanu. Achimwene anati ku Thyolo n'kutali, dothi ndi limodzi. Azakhali anavomereza. Ine ndinalipo, ndinamva, ndipo ndinakhala chete. Tinakuikani kumapeto kwa manda a eni ake, cha kunjira kumene kumadutsa ng'ombe.

Nditawauza achimwene kuti mankhwala aja ndi tiyi, sanapepese ngakhale pang'ono. Anangoti, "Ndiye bwanji amayi sankathyola n'kumamwa?" Alamu anangolowa m'nyumba. Zootcha zija achimwene sanazitchulenso, koma ine ndowayo ndaisamutsira kuseri kwa nyumba yanga, sindikuwakhulupirira.

Pano katulutsa timasamba tiwiri tanthete kunsonga. Ndimakatungira madzi kumtsinje, ndipo dzuwa likakula ndimakaphimba ndi chiguduli chonyowa. Kachira, koma sindikufuna kuti kapitirize kupirira m'manja mwanga.

Mvula ikangoyamba ndikwera nako basi. Dzina la mudzi wanu sindikulidziwa, nalonso sindinafunse, ndipo pano palibe wondiuza. Ndikatsika pamene minda ya tiyi yayambira, ndizikafunsa khomo ndi khomo ngati alipo akukumbukira mtsikana amene anapita kunzimbe osabwerako. Akapezeka, ndikabzala pakhomo pawo. Akapanda kupezeka, ndikapempha kamalo m'mphepete mwa munda uliwonse, pakati pa anzake. Inu tinakukanizani ulendo umenewu, amayi, ndipo ine ndinathandiza nawo ndi kukhala chete kwanga. Koma mlendo mnzanuyu ndikamufikitsa kwawo, ndalonjeza.

Ndimakukondani, ngakhale ndinachedwa kukufunsani zambiri.

Ndine mwana wanu,
Esnati