Khutu la Mbewa, Chidendene cha Mwana

Edmonton, London
12 Novembala

Achimwene Felton,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi amayi. Bondo lawo lija likuwalolabe kupita kudimba? Ine ndilipo, kungoti thupi latopa. Kuno kwayamba kuzizira, folo koloko kwada kale, ndipo basi ya m'mawa ndimaidikira ndikunjenjemera. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni mumandidula mawu ndisanamalize.

Ntchito ndi yomwe ija mumandiseka nayo, yoti ndinakwera ndege kudzaweta ndiwo. Sekani, koma mbewa za kuno sizidyedwa, ndipo zimagona pofunda kuposa ine. Ndimasamala timakola ta mbewa mazana awiri. Polowa m'chipinda cha mbewazo ndimasintha zovala zonse, kuvala magolovesi ndi chophimba kukamwa, ndiye tsiku lonse ndili chiimire. Pofika Lachisanu ndimakhala ngati ndamenyedwa.

Lero ndikufuna mumve chimene mbewazi zimawetedwera. Zili ndi matenda akumtundu, ndipo madokotala akufunafuna mankhwala ake. M'thupi mumatuluka zinyalala tsiku ndi tsiku, ndipo muli chinthu chimene ntchito yake ndi kuzichotsa. Mbewa zathu zina zimabadwa zilibe chinthucho, ndiye zinyalala zimangounjikana ngati m'nyumba yosasesa. Zikabadwa zimaoneka zabwinobwino, zonenepa, zothamanga. Pakapita miyezi zimayamba kuzungulirazungulira osagona, kenako miyendo imafooka.

Ife sitidikira kuti zidwale. Zikakwana masabata awiri ndimabudula kachidutswa ka khutu, nthawi zina kutenganso kadontho ka magazi, n'kutumiza kukayeza. Pasanathe sabata timadziwa kuti iyi idzadwala, iyi ayi. Ndagwira timbewa tambirimbiri tikusewera m'manja mwanga, ine ndikudziwa kale mapeto ake. Zimenezi zimanditopetsa kuposa kuima.

China chimene ndachiona chaka ndi chaka n'chakuti kambewa sikadwala pokhapokha ngati bambo ndi mayi onse awiri ali ndi chinthu china cholakwika m'magazi. Makolowo sadwala konse. Pa ana anayi, amene amagwidwa amakhala pafupifupi mmodzi.

Mwadziwa kale kumene ndikulowera. Mwana wanu Zikomo anayankhula bwino mpaka zaka zitatu, kenako mawu anayamba kumuthera. Mwana wanu wina, Atikonda, naye chimodzimodzi: kusagona, mimba yaikulu, tsitsi lokhakhala, mpaka kulephera kumeza. Ndinawafotokozera adokotala amene amatiyang'anira pa ntchito. Anamvetsera mpaka ndinatha, n'kunena kuti sangagamule za ana amene sanawaone, koma ndikayezetse ineyo. Ndinadikira pamzere wa chipatala miyezi isanu ndi itatu. Zotsatira zabwera sabata yatha. Ndili nacho, achimwene. Chili m'magazi a kwathu.

Adokotala akuti ngati matenda amenewa ndi amene anatenga ana anu, ndiye kuti inu muli nacho, akazi anu Anachisale nawonso ali nacho, ndipo palibe akanadziwa. Palibe analodza, palibe anadya mwana. Ife tinatenga mayi woti waika ana awiri m'manda, ali ndi pakati, n'kumuthamangitsira kwawo ku Ntchisi tikumutchula mfiti.

Pempho langa ndi limodzi. Ndamva kuti mwana uja anabadwa, ali ndi miyezi isanu, ndi wonenepa, ndipo inu simunakamuonebe. Nditamva za kunenepako ndinasangalala, kenako ndinachita mantha, pajatu timbewa tanga timanenepanso. Tengani ankhoswe mupite ku Ntchisi. Mukawapemphe alamu kuti mupite limodzi ndi mwanayo ku chipatala chachikulu ku Lilongwe. M'envulopu muno ndaikamo pepala la zotsatira zanga ndi kalata ya adokotala, mukazionetse. Amangobaya pachidendene, kudonthezera magazi pa kakhadi, n'kutumiza kunja kukayeza.

Sindikunamizani kuti kuli mankhwala. Mankhwalawo ndi omwe akuyesedwa pa mbewa zangazi, ndipo sindidziwa ngati adzatipeza. Mwayi waukulu ndi woti mwanayo ali bwino. Koma ngati ali nawo matendawa, ndikufuna pepala la zotsatira lifike matendawo asanaonekere. Akadzayamba kutaya mawu ali ndi zaka zitatu popanda pepala, ndi abale awo omwe amene adzayambe kuwaloza chala alamu, ndipo ulendo uno sadzakhala ndi kothawira. Inu mukudziwa zimene zimamuchitikira mayi woteroyo pamudzi.

Amayi muwawerengere pang'onopang'ono, atakhala pansi. Adzafunsa ngati chinachokera kwa iwo kapena kwa malemu bambo. Sitikudziwa, ndipo sindikufuna tiyambenso kusaka munthu wina.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa amalume Bonaventure, kwa azakhali ndi ana awo onse. Moni wa alamu sindikupatsirani, umenewo ndi wanga. Nditabwera ku maliro a Atikonda, ndine ndinayamba kuponya madengu ndi zitenje zawo panja. Za mbewazi ndinali nditaziona kale, koma sindinafune kuti zikhale zathu, ndiye ndinakuwa kuposa aliyense. Mukafika muwapatse foni. Akafuna kundilalatira ndimvetsera mpaka atamaliza. Akakana kuyankhula nane musawakakamize, mungowafunsa dzina la mwanayo, chifukwa m'banja mwathu palibe amene walifunsa.

Ndine mlongo wanu,
Stephanie